Dzanja Lothira Mchere

Chaka chino

Mutu uno sunali m'malingaliro anga, ana anga. Wandiputa ndi mkulu wanu Chifundo. Nditapita kwake ku Lilongwe kukapimitsa maso, anandikhazika pa sofa n'kunditsegulira sewero lina la pa TV, la azungu, la zigawo zambirimbiri, lonena za alendo olemera ndi antchito a m'mahotela apamwamba. Anati, "Amayi, onerani anzanu." Ndinayamba kuonera monyinyirika, koma gawo loyamba lisanathe tiyi wanga anali atazizira m'kapu. Amene analemba seweroli, kaya ndi ndani, anaimapo kuseri kwa chitseko cha khitchini. Anaona momwe kumwetulira kumazimira pankhope ya wantchito akangotembenuka, anaonanso momwe munthu amene ali ndi zonse amakwiyira pilo. Ndinaseka mpaka misozi, pena n'kukhala duu chifukwa zinali zoona zokhazokha. M'seweromo mumafa munthu, ndipo umaonera mpaka kumapeto kuti udziwe wafa ndani, wamupha ndani. Titamaliza Chifundo anandifunsa kuti, "Nanga kwanu kuja, panalibe wantchito amene anafunapo kupha mlendo?" Ndinamuyankha kuti kwathu kunali wantchito amene analolera kuchotsedwa ntchito kuti mlendo asafe. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza, n'chifukwa chake ndikulemba.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Ntchito yanga yoyamba inali kutali ndi mahotela a m'sewero lija. Inali pa nyumba ina yogona alendo pa Linthipe, kuseri kwa msika, kumene kunkagona madalaivala a malole ndi amalonda odzagula chimanga ndi kabichi. Ndinkayala mabedi, kukolopa, ndi kuchapa zofunda m'madzi ozizira mpaka zala kung'aluka. Mwini wake anali munthu waukali, wosadziwa kunena zikomo, koma anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene chandidyetsa moyo wonse: zimene waona m'chipinda cha mlendo uzisiye momwemo ukamatseka chitseko. Ndinakwatiwa ndili pomwepo, ndipo Chifundo ndinamubereka kumsana ndikukolopa makonde amenewo. Chingerezi changa cha Fomu 2 ndinachinolera pa alendo ochepa akunja amene basi inkawasiya pa Linthipe mosayembekezera.

Zaka za m'ma 2000

Nditamva kuti kumtunda, m'nkhalango ya paini, atsegula loji ya alendo olemera, ndinabwereka nsapato za mlamu wanga n'kupita. Amene anandifunsa mafunso anali manijala, a Kamtedza, bambo wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wa tayi ngakhale Loweruka. Kwawo kunali ku Mayani, koma ntchito anakaphunzira kunja, ndipo akayamba Chingerezi azungu ankakhala bwino pampando. Za satifiketi sanandifunse. Anandipatsa thireyi ya makapu odzaza madzi n'kunena kuti ndiyende nayo mpaka kukhonde uku ndikuwafotokozera njira ya ku Linthipe. Madzi anatayika, koma sindinaleke kulankhula. Iwo anati, "Za madziwo tidzakonza. Mubwere Lolemba."

Pa lojipo ndinakhalapo mpaka kupuma ntchito, ndipo zaka zambiri ndinali woyang'anira chipinda chodyera. Alendo ankabwera kudzaona zojambula za pamiyala ku Mphunzi, kudzakwera phiri, ena kudzangokangana ndi akazi awo pamalo okongola. Ambiri anali anthu abwino, ndinene zoona. Koma analiponso ofanana ndi a m'sewero lija. Mayi wina anandifunsa kuti nkhungu ichoka nthawi yanji, ndipo nditati sindikudziwa anakandinenera kwa manijala. A Kamtedza anamumvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili yachisoni ngati akupepesa maliro, n'kumulonjeza kuti nkhaniyo aitsatira. Mayiyo anachoka wokhutira, nkhungu n'kuchoka yokha masana.

Bwana ngati ameneyo sindinamuonenso. Sankadzudzula munthu pamaso pa mlendo, ngakhale pamaso pa mnzake. Ukalakwa ankabwera pafupi n'kunena kuti, "Tiyeni tikaone maluwa," ndipo nkhani inkathera kumunda wa maluwa, inu awiri. Tonse tinkaopa maluwa amenewo, koma palibe amene anabwerako atanyozeka. Ankadziwa dzina la mwana wa wantchito aliyense. Chakudya chawo ankadya ife tonse titadya, ataimirira pafupi ndi moto wa kukhitchini.

Kukhitchiniko kunali aNambewe, mayi wamasiye wochokera m'midzi ya ku Mphunzi, amene ankalera yekha ana ake. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo supu wawo wa maungu alendo ankamufunsa asanaike n'komwe zikwama pansi. Ine ndine Mkatolika wa m'bungwe la amayi, iwo anali a banja la gule, koma sitinakanganepo za zimenezo. Ankandinena kuti ndimapemphera ngati ndikuwerenga nyuzi, ine n'kumawanena kuti amaopa mphepo iliyonse. Tinkadya m'mbale imodzi.

Panali chinthu chimodzi chimene amuna a paloji sankachidziwa, kapena tinkaganiza kuti sachidziwa. Inu ana a m'tauni mwina simunachimvepo. Kwa makolo athu, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya cha anthu ena. Amati wodya chakudyacho amadwala mdulo: amatsokomola, amatupa, mwinanso kufa kumene. Ine ndinasiya kutsatira zimenezo nditakwatiwa, ndipo bambo anu sanatupepo. Koma aNambewe ankakhulupirira ndi mtima wonse, monga ndimakhulupiririra ine madzi odalitsa. Chinanso, masiku amenewo sauza mwamuna amene si wako. Kuti mwamuna wa kuntchito adziwe kuti lero uli kumwezi, kwa mayi ngati aNambewe chinali chimodzimodzi kuvulidwa pamsika. Ndiye tinali ndi njira yathu. Masikuwo akafika, ankaika kachitini ka mchere pawindo loperekera chakudya n'kunena kuti, "ANachisale, tandilawirani supuyu." Ine ndinkalowa, kuthira, kulawa, n'kutuluka. Zaka zinapita popanda wofunsa.

Nyengo ya kusowa kwa mafuta

Mukukumbukira nthawi imene galimoto zinkagona pamizere kudikira mafuta. Kwa ife inali nthawi ya mabodza aulemu. Jenereta inali zii, gasi wophikira kulibe, magetsi akubwera ngati mlendo. Tinamanga mafuwa kuseri kwa khoma n'kumaphika pa nkhuni, ndipo a Kamtedza anauza alendo kuti tayamba kuphika mwachikhalidwe, ena mpaka anapita kukajambula. Masamba a ku Linthipe ankabwera panjinga. Batala atasowa, aNambewe anasinja mtedza n'kupanga chopaka pa buledi chimene mzungu wina anapempha kuti apite nacho kwawo.

Mwini loji, amene ankakhala ku Lilongwe ndipo tinkamuona mwa apo ndi apo, anachepetsa antchito. Kukhitchini akazi ena onse anachoka, kunatsala aNambewe okha. Pamwamba pawo anabweretsa mkulu wa zophika wochokera ku hotela ya m'tauni, a Jailosi, amene tinkangowatchula kuti ashefu. Sanali munthu woipa, ndipo ntchito ankaidziwa, koma ankadzimva. Anakhazikitsa malamulo awiri: woperekera zakudya asadutse pawindo kulowa m'khitchini, ndipo wophika aliyense amalize yekha poto wake. Ine ndinkazembabe akatembenuka. Koma kawiri konse ndinalephera, chakudya chinatuluka chopanda mchere, ndipo ashefu anachenjeza aNambewe kuti akadzaiwalanso kachitatu adzaona msana wa njira.

Chisanu cha chaka chomwecho

Tinali ndi mlendo wina wobwerabwera, bwana wa bizinesi wa ku Lilongwe, mnzake wa pamtima wa mwini loji. Dzina lake sindilemba. Ife tinkamutchula a Mukundidziwa, chifukwa chilichonse chikachedwa ankafunsa kuti, "Kodi mukundidziwa ine?" Loweruka lina masana anabwera ndi azungu amene ankafuna kuchita nawo malonda, ndipo anali atawatamira kale supu wa maungu. Tsiku limenelo ine kunalibe. Ndinali kutchalitchi, Chifundo akulandira Ulimbitso.

Zimene zinachitika ndinazimva Lolemba. Ashefu analawa supu asanatuluke, anamva kuti mulibe mchere, anatenga kachitini n'kukaika m'manja mwa aNambewe. Anati, "Thirani." ANambewe analandira. Ashefu atapita kukaona nyama, iwo anaika kachitini pansi, supu n'kutuluka choncho. Patebulo mchere unalipo, pafupi ndi chigongono cha a Mukundidziwa. Koma iwo anati sanayende ulendo wonsewo kudzaphika. Anaitanitsa wophika, ndipo aNambewe anaimitsidwa pamaso pa alendo, manja kumbuyo, n'kufunsidwa ngati kwawo amadziwa mchere. Madzulo ake mwini loji anaimba foni kuti wophikayo asamalize sabata. Ashefu nawo anati uku sikunalinso kuiwala, kunali kuderera.

Ndinawapeza kuseri kwa khitchini akuwaza nkhuni zimene sizinkafunika kuwazidwa.

"ANambewe, bwanji simunangothira? Kamodzi kokha."

Anandiyang'ana modabwa. "Kuti bambo aja akadwale? Ali ndi ana ajatu."

"Bambo amene anakutukwanani aja?"

"Kutukwana n'kwawo. Koma anadya za m'manja mwanga. Akanayamba kutsokomola ali m'njira, ine ndikanagona bwanji?"

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinkaona mayi akutaya ntchito chifukwa cha chinthu chimene kwa ine sichinali choona, pofuna kuteteza munthu amene sankadziwa n'komwe dzina lawo. Koma mkwiyowo unasanduka manyazi, chifukwa ine ndi mapemphero anga onse sindikanalolera zotere chifukwa cha a Mukundidziwa. Ndinati, "Lekani ndikawauze a Kamtedza. Ndi munthu womva."

Anasiya nkhwangwa n'kundigwira dzanja. "Mukatero mwandichotsa ndinu. Ndizidzakumana nawo bwanji pakhonde, akudziwa masiku anga? Ndiye ashefu adziwe, alonda adziwe, mwezi uliwonse azindiyang'ana. Ayi, aNachisale. Ndikalima mbatata kwathu."

Mbatata za kwawo ndinkazidziwa. Kamunda kawo kanali pamtsetse, kosakwana kudyetsa anthu mpaka dzinja, ndipo mwana wawo wamkulu anali atangoyamba sekondale.

Asanakwane masana a Kamtedza anabwera m'chipinda chodyera n'kunena kuti, "ANachisale, tiyeni tikaone maluwa." Kunja kunali chisanu choluma makutu. Tinayenda mpaka kumapeto kwa munda, iwo manja ali m'thumba.

"Inu ndi aNambewe mumagwirizana," anatero. "Mwini wake akufuna ndiwachotse. Ndawafunsa chimene chinachitika, akungoti pepani. Munthu wophika ngati ameneyu saiwala mchere atauika m'manja. Chifukwa chilipo?"

"Chilipo, bwana."

"Ndiuzeni."

Pa zaka zanga zonse za ntchito, palibe pamene ndinavutika mumtima ngati pamenepo. Mawu ochepa chabe akanapulumutsa ntchito ya mnzanga, ndipo mawu omwewo akanamuthamangitsa ndi manyazi. Kukhala chete nako kunali kumusiya achotsedwe ngati munthu wamwano. Komanso ndinali ndisanawakanirepo kanthu bambo amenewa, amene ananditola ndi nsapato zobwereka. Ndinaganiza kuti nkhaniyo mwini wake ndi aNambewe, ndipo andikaniza.

"Sindinganene, bwana."

"Ngakhale zitatanthauza kuti achoka?"

"Ngakhale choncho. Koma akachoka, ndiye kuti mwachotsa munthu wosalakwa, ndipo ine kumwetulira kwanga pano kudzandivuta."

Iwo anawerama n'kuthothola tsamba louma pa duwa lina, analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Funso limodzi lokha. Mumtima mwawo, mlendo uja anamuchitira choipa kapena chabwino?"

"Chabwino, bwana."

"Pitani mukayale matebulo."

M'mawa mwake anatisonkhanitsa tonse kukhitchini. Ine ndinaima pafupi ndi aNambewe, amene anali atamanga kale katundu wawo m'chitenje. A Kamtedza anati aganizira bwino za Loweruka, ndipo apeza kuti wolakwa ndi iwowo, chifukwa analola kuti m'khitchini imodzi muzikhala manja ambiri othira mchere, mwakuti chakudya cha loji chinkakoma mosiyanasiyana. Anati m'mahotela akuluakulu amene anaonako, mchere umathiridwa ndi dzanja limodzi, la mkulu wa zophika. Kuyambira tsiku limenelo, poto aliyense, tsiku lililonse, wothira mchere akhala ashefu okha, ndipo wina aliyense wokhudza kachitiniko adzayankha mlandu. Za kuchotsa munthu sanatchule n'komwe.

Ashefu anatupa ndi chimwemwe. Anakagula kambale kadothi kokongola ku Dedza boma n'kumayenda nako poto ndi poto, akuthira chapamwamba kuti tonse tione. Ankauza alendo kuti pa loji yonse dzanja lodziwa mchere ndi lawo lokha. ANambewe ankangoti, "Zoona, ashefu," n'kuwasendezera poto. Mpaka anachoka pa lojipo, bamboyo sanadziwe kuti ankagwira ntchito imene kumudzi timatuma ana.

Ine ndinkangoti mwayi. Ndinkaganiza kuti a Kamtedza akumbukiradi za mahotela akunja, ndipo Mulungu wangolumikiza zinthu. Mnzanga aNambewe nawo ankaganiza chomwecho, ndipo n'chifukwa chake anapitiriza kuwapatsa moni pakhonde mutu uli m'mwamba.

Koma nkhani sinathere pabwino kwa onse. Mwini loji anafunsa ngati wophika uja wachoka, ndipo a Kamtedza anamuyankha kuti sangachotse munthu pa cholakwa cha manijala. A Mukundidziwa sanabwerenso, ndipo malonda awo ndi azungu aja akuti sanayende, ngakhale sindikhulupirira kuti chinawalepheretsa ndi supu. Mvula isanagwe, a Kamtedza anasamutsidwa kupita ku kaloji kena kakang'ono ka mwini yemweyo ku chigwa cha Shire, kotentha, munthu wobadwira ku chisanu. Tsiku lotsanzikana anagwira chanza aliyense, anafunsa za ana athu, ndipo sanadandaule ngakhale liwu limodzi. Lamulo la mchere linatsala. Mamanijala ena anabwera n'kupita, ashefu ena anabwera n'kupita, aliyense ankalipeza n'kulitsatira osadziwa kumene linachokera. ANambewe anaphika mpaka ukalamba, ndipo mwana wawo uja lero ndi mphunzitsi.

Chaka chatha

Uthenga unandipeza kumunda kuti a Kamtedza atisiya, ndipo maliro ali kwawo ku Mayani. Ndinadzera aNambewe, amene tsopano mutu uli mbuu ndipo amayenda ndi ndodo, n'kukwera minibasi. Titapepesa m'nyumba ya siwa, tinapita kuseri kumene amayi ankaphika, chifukwa anthu ngati ife pamaliro sitidziwa kukhala manja lende. Panali mapoto akuluakulu a nyemba ndi kabichi. Nyemba zitapsa, wina anafunsa kuti athire mchere ndani, ndipo amayi achitsikana anayang'anana, ena n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, monga zimakhalira.

Pamenepo panali mlongo wawo wa malemuwo, mayi wachikulire, maso atatupa ndi kulira. Anaseka pang'ono n'kupukuta misozi ndi chitenje.

"Akanakhala moyo achimwene, bwenzi atathira okha," anatero. "Pakhomo pano tinabadwa atsikana okhaokha, mwamuna anali iwo. Amayi kapena mmodzi wa ife akangoika mchere pawindo, iwo ankadziwa, n'kubwera kudzathira osafunsa. Atasinkhuka anati, lekani ndizithira ine masiku onse, kuti pasamakhale wochita manyazi. Mpaka anapita kusukulu yogonera konko, mchere pakhomo pano unali wawo."

Ndinatembenuka kuyang'ana aNambewe. Anali atasiya ndodo n'kukhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Ndiye ankadziwa," anatero chapansipansi.

"Ankadziwa."

"Munawauza inu?"

"Sindinawauze. Ndikulumbira pamaliro pano."

Anayang'ana kunyumba kumene kunali bokosi. "Zaka zonse zija ndinkawapatsa moni, iwo n'kumandifunsa za ana okha. Mpaka kukapsa ndi dzuwa kuchigwa." Mlongo uja sankamvetsa zimene tinkakamba, ndipo ife sitinamufotokozere.

ANambewe anandigwira phewa n'kudzuka. Anapempha madzi, anasamba m'manja bwinobwino monga ankachitira kukhitchini, n'kunena kwa mlongo uja kuti, "Mayi, ine ndine wokalamba, ndinawagwirira ntchito achimwene anu. Ndipatseni mcherewo."

Anawapatsa. Anayenda poto ndi poto popanda ndodo, akuthira, kutakasa, kulawa padzanja, misozi ikutsika, osafulumira ngakhale amuna anali atayamba kufunsa za chakudya. Ndinawatsatira pambuyo nditawanyamulira thumba la mchere, mpaka poto womaliza.